Kuyeza Madzi M'malo Amene Madzi Sayenda M'mathanki ndi M'maiwe a Nsomba

Mawu oyamba

Mlimi wa nsomba akadzuka m'mawa n'kupeza nsomba zake zitayandama chagada, kawirikawiri amayamba waganiza za matenda, za poizoni kapena za munthu wanjiru. Akaitana mlangizi, mlangiziyo amafika dzuwa litakwera, natunga madzi pamwamba pafupi ndi paipi yolowetsera madzi, n'kupeza kuti madziwo alibe vuto lililonse. Onse awiri amasiyana asakudziwa chimene chapha nsomba, ndipo pakapita masabata angapo nsomba zimafanso.

Cholakwika pamenepa ndi malo ndi nthawi yotungira madzi oyeza. Madzi a m'thanki imodzi kapena a m'dziwe limodzi sakhala ofanana paliponse. Pamene madzi akuyenda amakhala abwino, koma m'makona, pansi, kuseri kwa miyala ndi m'kati mwa udzu, madzi amangokhala osasuntha ndipo ndi mmene kuwonongeka kumayambira. Kabuku kano kakufotokoza chifukwa chake malo otere ali oopsa, mmene mlangizi angawapezere, zimene ayenera kuyeza ndi zimene angalangize mlimi.

Malangizowa alembedwa poganizira dera la Feruka, chakumadzulo kwa mzinda wa Mutare m'dziko la Zimbabwe, ndi madera ena a m'mbali mwa matauni. Feruka imadziwika ndi nkhokwe za mafuta a galimoto amene amabwera pa paipi kuchokera ku Beira. Ku Mutare ndi madera ozungulira kuli mabanja olankhula Chichewa amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito pa njanji, m'mafamu ndi m'migodi. M'madera otere malo ndi ochepa ndiponso madzi ndi operewera, kotero munthu wofuna kuweta nsomba amaweta m'thanki ya simenti, m'migolo ikuluikulu yapulasitiki kapena m'kadziwe kakang'ono kuseri kwa nyumba.

Malangizo ambiri a ulimi wa nsomba m'chigawo chino cha Africa anachokera ku ntchito ya pa maiwe okumba a kumidzi, monga imene bungwe la ICLARM linayamba ku Domasi m'boma la Zomba ndi imene ALCOM inayamba ku Chipata chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'maiwe amenewo nsomba zimakhala ziwiri kapena zitatu pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. M'thanki ya pakhomo nsomba zimathithikana kwambiri, chakudya chimalowa chochuluka, ndipo madzi amene m'dziwe akanatenga mwezi kuti awonongeke, m'thanki amawonongeka usiku umodzi.

Chimene chimachitika madzi akapanda kuyenda

Nsomba zimapuma mpweya wa okosijeni umene wasungunuka m'madzi, ndipo zimaukoka ndi makha awo. Mpweya umenewu m'madzi ndi wochepa kwambiri. Lita imodzi ya madzi otentha madigiri 25 imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha a okosijeni kumalo otsika a m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Mutare ili pamalo okwera mamita opitirira 1,000, ndipo kumeneko lita yomweyo imasunga mamiligalamu oposa 7 pang'ono. Madzi akamatentha, mpweya umene angasunge umacheperachepera.

Okosijeni amalowa m'madzi m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi pamwamba, pamene madzi akhudzana ndi mphepo. Njira yachiwiri ndi ndere ndi tizomera ting'onoting'ono timene timabiriwitsa madzi, timene timatulutsa okosijeni dzuwa likamawala. Njira zonse ziwirizi zili kumtunda kwa madzi. Kuti mpweya ufike pansi, madziwo ayenera kuyenda ndi kuutenga, popeza pawokha umalowerera m'madzi osayenda pang'onopang'ono kwambiri, mochedwa ka 10,000 poyerekeza ndi mmene umafalikira mumlengalenga.

Malo amene madzi sayenda ndi omwenso zinyalala zimadikha. Ndowe za nsomba, madeya osadyedwa, masamba ndi ndere zakufa zimatengedwa ndi madzi mpaka zitafika pamene madziwo afooka, ndipo zimagwera pomwepo. Mabakiteriya amene amaoletsa zinyalalazi amagwiritsa ntchito okosijeni. Chomwecho malo amene mpweya umafika movutikira ndi omwenso mpweya umatha msanga.

Okosijeni akatheratu m'matope, mabakiteriya a mtundu wina amayamba kugwira ntchito. Amenewa amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, wotchedwa hydrogen sulphide, umene umapha nsomba ngakhale utakhala wochepa kwambiri. Mpweya umenewu ukakumana ndi chitsulo cha m'dothi, matope amada bii. Matope akuda ndi onunkha ndi umboni wakuti pamalopo mpweya wabwino unatha kalekale.

Vuto lachiwiri ndi amoniya. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha, ndipo zinyalala zoola zimatulutsanso amoniya. Kilogalamu imodzi ya chakudya cha nsomba cha kusitolo imabweretsa m'madzi magalamu pafupifupi 30 a amoniya. Pamene pali okosijeni wokwanira, mabakiteriya abwino okhala pa makoma, pa miyala ndi m'zosefera amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, kenaka naitireti amene saopsa kwambiri. Mabakiteriya amenewa sagwira ntchito popanda okosijeni. Motero m'malo osayenda madzi amoniya amaunjikana, ndipo pamene mpweya uli wochepa chabe ntchito imathera panjira, naitiraiti n'kuchuluka. Naitiraiti akalowa m'magazi a nsomba, magaziwo amalephera kunyamula okosijeni ndipo makha amasanduka ofiirira ngati khofi. Nsomba yotere imabanika ngakhale madzi atakhala ndi mpweya.

Izi zimachitikanso m'madzi aakulu. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma madzi a pansi kupitirira mamita 250 sasakanikirana ndi a pamwamba, alibe okosijeni ndipo simukhala nsomba. Ku Lake Chivero, damu limene limapereka madzi ku Harare, nsomba zambiri zinafa m'chaka cha 1996, ndipo akatswiri anapeza kuti imfayo inakhudzana ndi kuchepa kwa okosijeni ndi kuchuluka kwa amoniya m'madzi odzaza zinyalala za m'tauni.

Kupeza malo amene madzi sayenda

Asanatulutse chipangizo chilichonse, mlangizi ayenera kuzungulira thanki kapena dziwe ndi kuona kumene madzi amalowera, kumene amatulukira ndi njira imene amadutsa. Madzi amatsata njira yaifupi kuchokera polowera kukafika potulukira. Malo onse amene ali kunja kwa njira imeneyi ndi okayikitsa.

M'thanki ya makona anayi, malo oyamba kukayikira ndi makona a pansi, makamaka awiri amene ali kutali ndi paipi yolowetsera madzi. Ngati paipi yotulutsira madzi ili pamwamba, madzi abwino ndiwo amatayika ndipo oipa amatsala pansi. M'thanki yozungulira madzi amayenda bwino m'mbali, koma zinyalala zimasonkhana pakatikati, ndipo zimakhala pomwepo ngati potulukira sipali pakatipo.

M'dziwe lokumba, malo okayikitsa ndi mbali yakuya, kona imene muli kakhola ka manyowa, malo amene mlimi amathirapo chakudya tsiku ndi tsiku, m'mabango ndi m'udzu wa m'mphepete, ndi mbali imene yatchingidwa ndi mitengo kapena mpanda kotero kuti mphepo siwomba pamadzi.

M'thanki ya galasi ya m'nyumba, imene ena amasungiramo nsomba zokongola monga mbuna za m'nyanja ya Malawi, malo oopsa ndi kuseri kwa miyala younjikidwa, pansi pa zokongoletsa, ndi m'kati mwa mchenga kapena timiyala ngati tayalidwa mochindikala kupitirira masentimita 5. Mlangizi akayang'ana m'mbali mwa galasi n'kuona mizere yakuda kapena timatuza ta mpweya m'mchenga, adziwe kuti pansipo payamba kuola popanda okosijeni.

Njira yapafupi yoonera kayendedwe ka madzi ndi kuwaza madeya pang'ono pafupi ndi polowera madzi ndi kuwatsata ndi maso kwa mphindi 10. Pamene madeya aima kapena akungozungulira pamodzimodzi, madzi a pamwamba sakuyenda. Za pansi zimadziwika ndi ndodo. Mlangizi abaye ndodo yoyera pansi m'malo osiyanasiyana, aizule mosamala, aone mtundu wa matope ndi kuwanunkhiza. Matope otuwa kapena ofiirira opanda fungo ndi abwino. Matope akuda, onunkha, otulutsa matuza ndodo ikabaya, akusonyeza malo amene ayenera kuyezedwa.

Nsombazo nazonso zimasonyeza. Zimathawa malo oipa ndi kuunjikana pafupi ndi polowera madzi. Kona imene nsomba sizipitamo ngakhale mutathiridwa chakudya ndi yofunika kuiyeza.

Nthawi yoyezera

Masana ndere zimatulutsa okosijeni wambiri, ndipo cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana madzi obiriwira amakhala ndi mpweya wochuluka zedi. Usiku ndere zimaleka kutulutsa okosijeni n'kuyamba kupuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya. Mpweya umatsika usiku wonse ndipo umachepetsetsa m'bandakucha. Nsomba zambiri zimafa nthawi imeneyi. Muyeso wa okosijeni wa masana sungamuuze mlangizi chimene chinachitika tambala asanalire.

Choncho okosijeni ayezedwe dzuwa lisanatuluke, pakati pa 5 ndi 6 koloko m'mawa. Amoniya ndi pH ziyezedwe m'mawa ndi masana omwe, pa chifukwa chimene chafotokozedwa m'munsimu. Ngati mlangizi sangathe kufika m'mamawa, aphunzitse mlimi kuona nsomba nthawi imeneyo ndi kulemba zimene waona.

Pali nyengo zitatu zimene mlangizi wa ku Mutare ayenera kukhala tcheru. Yoyamba ndi miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene madzi amasunga mpweya wochepa chonsecho nsomba zikudya kwambiri. Madzi a pamwamba amatentha n'kupepuka, a pansi amazizira n'kulemera, ndipo awiriwa sasakanikirana. Yachiwiri ndi mvula yoyamba. Mvula yozizira yodza ndi mphepo imaziziritsa madzi a pamwamba, amene amamira mwadzidzidzi n'kukankhira pamwamba madzi a pansi opanda mpweya, ndipo dziwe lonse limawonongeka nthawi imodzi. Masiku a mitambo otsatizana amabweretsanso vuto chifukwa ndere sizipanga mpweya wokwanira. Yachitatu ndi nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene nsomba za mtundu wa chambo, makumba ndi chilunguni zimachepetsa kudya madzi akazizira kutsika pa madigiri 20, ndi kulekeratu akafika cha pa 16. Mlimi akapitiriza kuthira chakudya monga mwa masiku onse, chakudyacho chimamira n'kukaolera m'makona.

Thanki yodalira pampu ya magetsi ili ndi vuto linanso. Magetsi akazima, thanki yonse imasanduka malo osayenda madzi. Mlangizi afunse mlimi maola amene magetsi anazima usiku umene nsomba zinafa.

Katungidwe ka madzi oyeza

Madzi otungidwa molakwika amapereka muyeso wolakwika ngakhale chipangizo chitakhala chabwino. Pa thanki kapena dziwe lililonse mlangizi atunge malo osachepera atatu: pafupi ndi polowera madzi, pamwamba pa malo okayikitsa, ndi pansi pa malo okayikitsawo, masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa matope. Muyeso wa polowera ndiwo woyerekezera ina yonse.

Pa thanki yomangidwa pamwamba pa nthaka, njira yabwino ndi kapaipi kapulasitiki kofewa. Mlangizi amangirire mbali imodzi ya kapaipiko ku ndodo, aitsitse pang'onopang'ono mpaka pamalo oyezedwa, ndipo madzi akayamba kutuluka mbali inayo awasiye atayike pang'ono. Kenaka alowetse kapaipiko mpaka pansi pa botolo loyera, alisiye lidzaze ndi kusefukira kawiri kapena katatu, n'kulitseka popanda katuza ka mpweya m'kati.

Pa dziwe lokumba, botolo limangiriridwe ku ndodo yaitali, litsekedwe ndi chitsekerero chomangidwa chingwe, ndipo litsitsidwe lili chotseka. Likafika pamalo pake, chingwe chikokedwe kuti madzi a pansi alowe. Pa njira imeneyi mpweya wotuluka m'botolo umasakanikirana pang'ono ndi madzi, kotero okosijeni weniweni pansipo ndi wocheperapo kuposa amene muyeso ungasonyeze. Amene ali ndi makina oyezera okosijeni okhala ndi chingwe angotsitsa mutu wa makinawo pamalopo ndi kuugwedeza pang'ono mpaka nambala itakhazikika.

Botolo litsukidwe ndi madzi a m'dziwe lomwelo, osati ndi sopo. Matope asavundulidwe potunga. Okosijeni, kutentha ndi pH ziyezedwe pompo, chifukwa zimasintha botolo likayenda ulendo. Mankhwala ndi timapepala toyezera zisungidwe pouma ndi pozizira, ndipo tsiku lothera mphamvu lionedwe asanazigwiritse ntchito.

Zoyenera kuyeza ndi tanthauzo lake

1. Kutentha. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino pa madigiri 25 mpaka 30. Madzi akazizira kufika cha pa 10 mpaka 12 zimayamba kufa. Chofunika kwambiri pano ndi kusiyana kwa pamwamba ndi pansi. Ngati masana pansi pazizira kuposa pamwamba ndi madigiri awiri kapena atatu, madziwo sakusakanikirana. Ngakhale dzanja lopisidwa m'madzi limamva kusiyana kumeneku.

2. Okosijeni. Mamiligalamu 5 kapena kuposerapo pa lita ndi abwino. Pakati pa 3 ndi 5 nsomba zimakhala moyo koma zimadya pang'ono ndi kukula mochedwa. Kutsika pa 3 nsomba zimavutika ndipo zimagwidwa matenda msanga. Kutsika pa 1 zimabwera pamwamba kudzayasamula kukamwa, ndipo zikakhala choncho maola angapo zimafa, kuyambira zikuluzikulu. Mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja kwa madzi ndipo umapirira pamene nsomba zina zikufa, kotero kukhala moyo kwa milamba si umboni wakuti madzi ali bwino.

3. pH. Uwu ndi muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ali kumbali ya laimu. Nambala 7 ndi pakatikati. Nsomba zoweta zimafuna 6.5 mpaka 9. Mbuna zimafuna madzi a pH ya pakati pa 7.5 ndi 8.5 monga a kwawo kunyanja. Pansi pamene zinthu zikuola pH imatsika, pomwe pamwamba pa madzi obiriwira imakwera masana mpaka 9 kapena kuposerapo.

4. Amoniya. Zoyezera zambiri zimasonyeza amoniya yense pamodzi, koma gawo limene limapha nsomba limadalira pH ndi kutentha. Pa madigiri 25, gawo loopsali silifika 1 pa 100 pH ikakhala 7, limakhala 5 pa 100 pH ikakhala 8, ndipo limapitirira 35 pa 100 pH ikakhala 9. Mwachitsanzo, ngati madzi a m'kona asonyeza mamiligalamu 2 pa lita pa pH ya 7, gawo loopsa ndi 0.01 chabe. Madzi omwewo akasakanikirana ndi a pamwamba masana pH ili 9, gawo loopsa likhoza kufika 0.7. Gawo loopsali likamakhala lopitirira 0.05 kwa masiku ambiri, makha amawonongeka ndipo nsomba zimapinimbira. N'chifukwa chake amoniya ndi pH ziyenera kuwerengedwa pamodzi, m'mawa ndi masana.

5. Naitiraiti. M'thanki yokhazikika bwino sayenera kuoneka n'komwe. Akafika 0.5 pa lita, mlimi achitepo kanthu tsiku lomwelo. Thanki yatsopano imatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti mabakiteriya abwino achulukane, ndipo pa nthawi imeneyi naitiraiti amakwera ngakhale madzi akuyenda bwino. Nsomba ziikidwe zochepa poyamba.

6. Kubiriwira kwa madzi. Mlangizi apise dzanja m'madzi chikhato chitayang'ana kumwamba. Ngati chikhato chasowa madzi atafika cha m'chigongono, ndiye kuti pa masentimita 30 mpaka 40, ndere zili pa mlingo woyenera. Chikasowa pa masentimita 20 kapena kuchepera, ndere zachuluka ndipo mpweya udzatha usiku. Mbale yozungulira ya masentimita 20, yopakidwa utoto woyera ndi wakuda, imapereka muyeso wodalirika kuposa dzanja. Mbale imeneyi imatchedwa ndi dzina la Angelo Secchi, amene anaigwiritsa ntchito m'chaka cha 1865.

Mlangizi asangoyang'ana nambala imodzi payokha. Ayerekeze muyeso wa pansi pa kona ndi wa polowera. Ngati okosijeni wa m'kona wachepa ndi mamiligalamu awiri kapena kuposerapo, kapena amoniya wa m'kona ndi wochuluka moonekeratu, vuto ndi kayendedwe ka madzi. Ngati miyeso yonse ili yoipa mofanana, vuto ndi kuchuluka kwa nsomba, kwa chakudya kapena kwa manyowa. Mavuto awiriwa ali ndi mankhwala osiyana.

Zochita nsomba zikayamba kubanika

Choyamba mlimi aleke kupereka chakudya ndi kuthira manyowa. Nsomba zimatha masiku angapo osadya, koma nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri. Chachiwiri aonjezere mpweya potunga madzi a pamwamba ndi ndowa ndi kuwakhuthula kuchokera m'mwamba, kapena kumenya pamwamba pa madzi ndi nsungwi. Chachitatu achotse madzi a pansi ndi paipi, gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, n'kuthira madzi abwino. Asasinthe madzi onse nthawi imodzi, popeza kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha ndi pH kumaphanso nsomba. Nsomba zakufa zivuulidwe msanga ndi kukwiriridwa.

Mlimi asalowe m'dziwe kapena kuvundula matope akuda nsomba zili momwemo. Kutero kumamasula mpweya wa poizoni ndi amoniya nthawi imodzi. M'thanki, matope a m'makona akokedwe ndi paipi pang'onopang'ono, kona imodzi pa tsiku.

Madzi othira m'thanki ayenera kusamalidwa. Madzi a m'mipopi ya mu mzinda wa Mutare, ochokera ku madamu a pa mtsinje wa Odzani ndi ku mtsinje wa Pungwe, amathiridwa kolorini kuti akhale abwino kumwa. Kolorini amawotcha makha ndi kupha mabakiteriya abwino. Madzi otere akhale m'mgolo wosavindikira kwa masiku awiri asanathiridwe. Madzi a pa mjigo kawirikawiri amatuluka pansi ali ndi okosijeni wochepa, choncho agwere m'thanki kuchokera m'mwamba kapena adutse pa lata loboolaboola. Madzi a m'mitsinje yodutsa m'tauni ndi m'dera la mafakitale, monga Sakubva, asagwiritsidwe ntchito osayezedwa. Migolo imene munali mafuta, dizilo kapena mankhwala isasungire madzi a nsomba, chifukwa mafuta amayala pamwamba pa madzi n'kutseka njira ya mpweya.

Kukonza kuti vuto lisabwerenso

Paipi yolowetsera madzi ndi yotulutsira zikhale mbali zotsutsana, ndipo yotulutsira izikoka madzi a pansi. Pomanga thanki yatsopano, pansi pakhale potsetsereka kulowera kotulukira, ndipo makona adzazidwe simenti kuti akhale obulungira. M'thanki yozungulira, madzi alowe motsata khoma kuti azizungulira, ndipo potulukira pakhale pakati. Amene ali ndi pampu ya mpweya aike mwala wotulutsa matuza pansi m'kona yakutali, chifukwa matuza akamakwera amakoka madzi a pansi kupita nawo pamwamba.

M'dziwe, kakhola ka manyowa kakhale pafupi ndi polowera madzi, kumbali yosaya. Udzu ndi mabango a m'mphepete zidulidwe, ndipo zomera zoyandama zisaphimbe madzi. Kuchita izi kumachepetsanso udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo, zimene zimaswana m'malo omwewa. Dziwe lisakumbidwe lakuya kupitirira mita imodzi ndi theka. Nsomba zikakololedwa, dziwe liumitsidwe mpaka matope atang'aluka, matope akuda achotsedwe n'kukathiridwa kudimba ngati manyowa, ndipo laimu wa ulimi awazidwe ngati dothi lili ndi asidi.

M'thanki ya galasi, miyala iunjikidwe mosiya mpata kukhoma, timiyala ta pansi titsukidwe ndi kapaipi sabata iliyonse posintha madzi, ndipo siponji ya m'chosefera ichapidwe m'madzi otungidwa m'thankimo, osati a pa mpopi.

Chakudya chiperekedwe chimene nsomba zingathe kumaliza pa mphindi 15, dzuwa litakwera, pamalo amene madzi akuyenda. M'nyengo yozizira ndi masiku a mitambo chichepetsedwe. Madzi ochotsedwa m'thanki asatayidwe chabe, ali ndi chonde chothandiza ndiwo zamasamba.

Kusunga zolembera

Mlimi aliyense akhale ndi kope. Pa tsamba loyamba mlangizi ajambule thanki kapena dziwe, aike manambala pa malo otungira madzi, kuti aliyense woyeza azitunga malo omwewo. Pa ulendo uliwonse palembedwe tsiku, ola, nyengo, miyeso ya malo onse, chakudya choperekedwa, madzi osinthidwa ndi nsomba zakufa. Thanki yodzaza nsomba iyezedwe kamodzi pa sabata, dziwe lokumba kawiri pa mwezi, ndipo zonse ziyezedwe mvula yamphamvu ikagwa kapena nsomba zikaleka kudya. Kumene zipangizo zili zochepa, alimi a dera limodzi angathe kusonkherana n'kugula zoyezera za gulu.

Zofunika kukumbukira

Madzi oyeza atungidwe pansi pa malo amene madzi sayenda, dzuwa lisanatuluke, ndipo muyeso wake uyerekezedwe ndi wa polowera madzi. Amoniya awerengedwe pamodzi ndi pH. Mlangizi amene alibe zipangizo agwiritse ntchito ndodo, dzanja, mphuno ndi khalidwe la nsomba m'mamawa. Asanachoke pakhomo pa mlimi, aonetsetse kuti mlimiyo akutha kuloza yekha makona oopsa a thanki yake, akudziwa kukoka madzi a pansi ndi paipi, ndipo akudziwa kuti nsomba zikabwera pamwamba m'bandakucha, tsiku limenelo sizipatsidwa chakudya.